Bwato la Nasimango

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, ndipo uwu kwawo ndi kuchigwa cha Shire, komwe munthu wopanda bwato ali ngati mlimi wopanda khasu. Madimba a anthu akumeneko anali kutsidya kwa mtsinje. Bwato likabedwa, banja linkagona ndi njala chimanga chikuonekera patsidya.

M'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinjewo munali mnyamata dzina lake Chagunda. Bambo ake adamwalira iye ali wamng'ono, ndiye adaleredwa ndi amayi ake, a Nasimango, amene adabadwa ndi mwendo wakumanzere waufupi. Chagunda anali mnyamata wooneka bwino, katswiri pa gule, koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: ankachita manyazi ndi amayi ake. Akamapita kumsika ankawasiya m'mbuyo dala, kuti anthu aziyesa sali limodzi.

Manyaziwo adafika ndi pa bwato lawo lomwe. Malemu bambo ake adalisema ku mtengo waukulu wa mtondo, ndipo posema adasiya mbali yakumanzere yochindikala, pansi pake potukuka, kuti akazi awo azipondapo ndi mwendo waufupi uja. Linali lalikulu kuposa onse padooko, koma likakhala lokha pamadzi linkapendekeka. Anyamata anzake sankamusiya. "Chagunda, kwanu n'kotsimphina zonse, ndi bwato lomwe!"

Chaka china akuba a kumunsi adavuta zedi. Anthu adayamba kumanga mabwato awo kumitengo ndi zingwe zolimba, nkhafi n'kumakagona nazo m'nyumba. Koma a Nasimango ankangokoleka lawo pachikhomo, nsungwi yokankhira ili momwemo.

"Amayi, anzathu onse akumanga," adadandaula Chagunda. "Likapita limeneli tidzadya chiyani? Ngati kunyamula nsungwi kukukuvutani, nenani ndizinyamula ine."

"Isiye momwemo, mwanawe," adayankha a Nasimango. "Wakuba sakonda ntchito. Amayamba ndi chimene chili chapafupi."

Chagunda adangopukusa mutu. Mumtima ankati ndi ulesi wa mwendo basi.

Kenaka lidafika tsiku la chinkhoswe chake. Mkazi anali wa mudzi wakumtunda, ndipo mudzi wonse udakonzeka kumuperekeza. M'mawa Chagunda adayamba kuzungulira nkhani.

"Amayi, chitunda chija n'chachitali, mwendo ungakupwetekeni. Amalume alipo, akaimira zonse."

Chitundacho a Nasimango adachikwera kambirimbiri, Chagunda ali kumsana, ndipo onse awiri ankadziwa. Amayiwo zidawapweteka, koma sadafune kumuwonongera tsiku.

"Pita, mwanangu. Ine nditsala ndi dooko."

Masana, ng'oma itafika pokoma, kudatulukira mayi wina amene adapita kukatunga madzi, akuthamanga wopanda mtsuko.

"Mabwato! Akuba padooko!"

Gule adathera pomwepo. Anthu adatsika chitunda ali piringupiringu, akuchimuna ndi akuchikazi omwe, Chagunda patsogolo. Atafika adapeza zingwe zodulidwa zikulendewera m'mitengo, dooko lili mbee. Amayi ena adayamba kulira maliro a madimba awo. Chagunda adaitana amayi ake, koma sadayankhidwe.

Ndipamene adamva kukuwa chakumunsi. Pakachisumbu ka mchenga pakati pa mtsinje padaima amuna awiri achilendo, zovala zili chonyowa, akuyang'ana uku ndi uku kuopa ng'ona. Akubawo anali atamangirira mabwato onse kumbuyo kwa lalikulu lija, poti ndilo lokha linali ndi nsungwi. Atafika pamkokomo wa madzi, wina adaimirira mowongoka monga amaimira aliyense, mnzake naye n'kudzuka kuti athandize. Bwato lidapendekera kumanzere n'kuwakhuthulira m'madzi ngati madeya, lokha n'kukakodwa m'bango pokhota mtsinje.

Pokhota pomwepo padatulukira mutu wa bwato. A Nasimango anali atalitsata m'mbali mwa gombe, akutsimphina m'matope ndi m'minga mpaka kulipeza. Tsopano ankabwera nalo mokwera madzi, mabwato a mudzi wonse ali pambuyo pawo mndandanda. Mwendo waufupi unali pamalo ake potukuka paja, thupi lidatsamira ku mwendo wamphamvu, ndipo bwato lopendekeka lija linali litawongoka bwinobwino. Mayi amene ankasekedwa pamtunda adaima njo, nsungwi ikulowa ndi kutuluka m'madzi mosaphonya.

Nthungululu zidasweka. Mmodzi wa ankhoswe akuchikazi, bambo wachikulire amene sankawadziwa, adafunsa, "Kodi mayi olimba mtimawa ndi a kwa yani?"

Chagunda sadadikire kuti wina ayankhe. "Amenewo ndi amayi anga!" adakuwa, misozi ili m'maso. "Amayi anga ondibala ine!" Adalowa m'madzi ndi zovala zachinkhoswe zomwe, nagwira mutu wa bwato kulikokera kumtunda.

"Amayi, ndinakulakwirani," adatero atagwada m'matope.

"Dzuka, ukudetsa zovala za eni," adatero a Nasimango akupuma mwawefuwefu. "Ndipo wina akawatenge alendo athu aja ng'ona zisanawalonjere. Koma asapite pa langali."

Anthu adaseka mpaka kugwira nthiti. Nkhoswe ija idamuyang'ana Chagunda n'kunena, "Mwana iwe, kumtunda kuja unatiuza kuti mayi ako sangathe kukwera chitunda. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Chinkhoswe chidapitirira madzulo ake, ndipo pokwera chitunda Chagunda adayenda pambali pa amayi ake, pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba.

Kuyambira pamenepo akulu amati: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tanthauzo lake n'lakuti kholo lako, kaya ndi losauka, lolumala kapena losaphunzira, ndi lako basi, ndipo sulisinthanitsa ndi la mnzako. Chimene iwe ukuchita nacho manyazi pamaso pa anthu, mwina n'chomwecho chimene chidakulera. Ukadzaona mayi ako akubwera poteropo, usadikire kuti achite chodabwitsa kuti uwatchule. Nena msanga, mokweza, kuti awo ndi amayi anga.