Galimoto ya malume ndi ulendo wa ku Phalombe

Lufeyo atayamba kusakasaka galimoto yakale mu Lilongwe yoti aziyendera maulendo ataliatali ndi banja lake, malume ake, a Nkhwazi, anamuitanitsa.

"Ugula yangayi basi. Sukulu ndinakuphunzitsa ndine."

Lufeyo ankaidziwa galimotoyo. Inkalira mochita kukankha, ikaona chitunda n'kuyamba kutsokomola. Koma malume sakanidwa.

Atafika, anadikira mpaka akazi a malumewo atabwera ndi tiyi pakhonde.

"Malume, imeneyi ingafike kutali? Tinene ku Phalombe?"

"Phalombe? Kupita n'kubwerako osatsegula boneti!"

Mayiwo anatula thireyi pang'onopang'ono. Ku Phalombe kunali kwawo.

"Bambo a Tadala, si inu mumandiuza chaka ndi chaka kuti galimotoyi singatifikitse kwa amayi?"

A Nkhwazi anayang'ana mkazi wawo, nayang'ananso Lufeyo, thukuta lili kamukamu.

"Musavutike, malume," anatero Lufeyo akuthira shuga. "Kawaoneni agogo. Ikabwerako, ndigula."

"Mphwanga, kagule kwina. Ichi ndi chiphakasa, ngakhale pa Dedza sichingafike."

"Zoonadi, kagule yabwino, Lufeyo," anatero mayiwo akumuwonjezera tiyi. "Ukagula, uwabwereke malume akowa andiperekeze kwathu."