Mwini Chigayo Amene Anaonda

Panali munthu wina amene anali ndi chigayo pamsika wa m'mbali mwa msewu waukulu. Pachigayopo anafikapo ali mnyamata woonda, wonyamula matumba a eni ake. Pofika pauchikulire chigayo chinali chake, antchito anali ake, ndipo ntchito yake inali kukhala pampando pakhomo n'kumalonjera odzagayitsa. M'mawa ankamwa tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Masana anyamata a pachiwaya ankamubweretsera tchipisi ndi nyama yonona, iye n'kutsitsira ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Madzulo ankadyanso kunyumba ngati munthu amene waswera ndi njala.

Thupi linabwera. Khosi linalowa m'mapewa, mimba inatsogola, ndipo anthu amene kale ankamuitana ndi dzina anayamba kumutchula kuti abwana. Iye zinkamukomera. Kumene anakulira, kunenepa kunali umboni woti munthu wapeza bwino.

Chaka china mkulu wake anamwalira kumudzi. Manda a kwawo anali pachitunda, ndipo amuna ankalandirana bokosi pokwera. Mwini chigayo anagwira nawo mbali imodzi. Sanapite patali. Chifuwa chinamuthina, m'maso munada, ndipo anapereka malo ake kwa wina n'kukhala pansi m'mbali mwa njira. Anthu onse anamupitirira. Ndi nkhalamba zomwe zinamupitirira zikuimba. Pamene ankafika pamwamba, anapeza akukwirira. Sanamuone m'bale wake akutsitsidwa m'manda.

Zimenezi zinamupweteka kuposa chifuwa, moti sabata yomweyo anapita kuchipatala. Dokotala atamuyeza anamuuza mosapita m'mbali kuti, “Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo shuga wakwera. Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sakupulumutsani. Muziyenda tsiku lililonse. Muchepetse mafuta, mchere ndi shuga. Mukapanda kutero, tsiku lina adzakubweretsani kuno atakunyamulani.”

Munthu uja anamva. Anayamba kudzuka dzuwa lisanatuluke n'kumayenda mpaka pamlatho, kenako n'kubwerera. Poyamba zinali zowawa. Mawondo ankalira, ntchafu zinkakhulana mpaka kusupuka, ndipo ankapumira pachulu chilichonse chimene wachipeza. Mkazi wake anasintha kaphikidwe. Ufa woyera unasiyira malo mgaiwa. Pambale pankabwera nkhwani wotendera, nyemba, usipa wowiritsa, ndi zipatso za m'nyengo yake. Mayiyo ankadya zomwezo, kuti mwamuna wake asamadye yekha chakudya chooneka ngati chilango. Kuchigayo fungo la chiwaya linkamuzunza, choncho anachotsa mpando wake pakhomo n'kuyambanso kunyamula matumba limodzi ndi antchito ake.

Mvula inabwera, mvula inatha. Anaboola lamba wake kuti agwire m'chiuno, kenako anaboolanso. Anayamba kumanga yekha zingwe za nsapato osabanika. Tulo ankagona tabwino, mutu unasiya kumuwawa, ndipo kuchipatala anamuuza kuti kuthamanga kwa magazi ndi shuga zatsika. Tsiku lina anapita kumudzi, nakwera chitunda chija osaima pena paliponse mpaka pamanda a mkulu wake. Anaima pamenepo nthawi yaitali akupuma bwinobwino. Anamva ngati wabwezeredwa chinthu chimene anali ataiwala kuti chinali chake.

Koma anthu saona mmene magazi akuyendera m'thupi la mnzawo. Amaona kolala ya malaya ikulendewera.

“Abwana, nanga thupi likupita kuti?” ankafunsa odzagayitsa.

Iye ankafotokoza za dokotala, za kuyenda, za shuga. Iwo ankagwedeza mitu mwachisoni n'kunena kuti, “Pepani. Muchira.”

Akangotembenuka, nkhani inkayamba. Ena ankati chigayo chagwa. Ena ankati alipo wamuchita chipongwe chifukwa cha nsanje. Ambiri ankatchula matenda aja amene anthu amatchula motsitsa mawu, n'kuyamba kukumbutsana akazi amene anawaonapo akuseka naye pachigayo. Ngakhale kuyenda kwake kwa m'mawa kunapeza tanthauzo lina. Ankati munthu amene mtima wake uli m'malo sadzuka mbandakucha kukazungulira m'misewu.

Lamulungu lina, mkulu wa mpingo akupempherera odwala, anatchula dzina lake pakati pa mayina a anthu ogonekedwa m'chipatala. Mwini chigayo anali ataimirira pamenepo, miyendo yake ili yolimba kuposa mmene inalili zaka zambiri, ndipo anamva tchalitchi chonse chikuyankha kuti Ameni.

Zowawa kwambiri zinagwera mkazi wake. Akafika pamjigo amayi ankakhala chete. Mnzake wa kalekale anasiya kumwa madzi pakhomo pake. Kenako kunabwera mlongo wa mwamunayo kuchokera kumudzi. Sanakhale n'komwe pamphasa. Analowa kukhitchini, navundukula mapoto limodzilimodzi.

“Alamu,” anatero, “achimwene angawa munawapeza ali munthu. Lero mukuwadyetsa masamba ngati mbuzi. Kapena pali chimene mukutibisira?”

Mwini chigayo ndiye anayankha. “Achemwali, zimenezi ndinasankha ndine. Ndili bwino kuposa kale.”

“Odwala onse amatero,” anatero mlongo wakeyo.

Banjali linali ndi mwana wamkazi, dzina lake Zione, amene anali atapeza mwamuna womufunsira ndipo tsiku la chinkhoswe linali litakhazikitsidwa kale. Mosayembekezereka akuchimuna anatumiza uthenga woti mwambowo uyambe waima. Chifukwa sanachinene, koma wotumidwayo anaonjezera kuti eni ake akufuna aone kaye mmene zinthu zithere pakhomopo. Madzulo a tsiku limenelo, mwini chigayo pobwera kuntchito anamva mwana wake akulira kuseri kwa nyumba, kulira kobisa, kwa munthu amene sakufuna kuti bambo ake adziwe kuti akulira chifukwa cha iwo.

Analowa m'nyumba nakhala pansi. Mkazi wake anamuyang'ana nkhope, ndipo anadziwa zimene zinali m'mutu mwake.

“Bambo a Zione,” anatero, “pakamwa ndi pawo, koma thupi ndi lanu. Ine ndipirira. Mwanayu akapanda kukwatiwa ndi amenewa adzakwatiwa ndi ena.”

“Ndawafotokozera onse, mmodzimmodzi,” anayankha mwamunayo. “Ndatopa kulumbira kuti sindikufa.”

Mawa lake linali tsiku la msika. Sanadzuke kukayenda. Dzuwa litafika pamutu, nthawi imene anthu amachuluka, ananyamula mpando wake uja n'kukauika pafupi ndi chiwaya, poonekera aliyense. Anaitanitsa mokweza mawu nyama yonona ndi tchipisi zodzadza mbale, ndi botolo la chakumwa chozizira. Anadya pang'onopang'ono kuti onse aone. Ankaganiza kuti chakudyacho chimunyansa, koma chinamukomera ngati kale, ndipo zimenezi zinamuopsa pang'ono. Anadzilimbitsa mtima kuti n'zakanthawi chabe. Angonenepa pang'ono, pakamwa pa anthu patsekeke, mwana akwatiwe, kenako ayambiranso.

Thupi limene linachoka movutikira linabwerera mosavuta. Anasiyanso kupita kuchipatala, poopa kuti wina akamuona pamzere wolandira mankhwala nkhani ija idzukanso. Mkazi wake anapitiriza kuphika monga anazolowera, koma mwamunayo ankafika atakhuta kale. Tsiku lina mayiyo anamupeza akumasula lamba kubwerera pabowo lakale. Anatuluka panja n'kukayamba kusesa pabwalo pamene anali atasesa kale.

Anthu anakondwa. “Tsopano ndiye mwachira, abwana,” ankatero pachigayo. Mkulu wa mpingo uja anayamika Mulungu pamaso pa onse chifukwa choyankha mapemphero. Mlongo wake anatumiza nkhuku. Amayi a pamjigo anayambanso kuseka ndi mkazi wake. Akuchimuna anabwera ndi tsiku latsopano, chinkhoswe chinachitika, ukwati unachitika. Paukwatipo mwini chigayo anavina pang'ono n'kukakhala pansi akupumira m'mwamba, thukuta lili kamukamu, anthu akumuombera m'manja.

Ukwati utadutsa anakumbukira lonjezo lake. M'mawa wina anavala nsapato n'kuuyamba ulendo wa kumlatho. Asanafike ngakhale pakati, mawondo anali atayamba kale kulira, ndipo anakumana ndi bambo wina wa panjinga amene anamuyang'ana modabwa n'kufunsa kuti, “Abwana, kodi zayambiranso?” Mwini chigayo anaseka, nati amangopita kukaona munda. Anabwerera kunyumba. Sanayesenso.

Chaka chotsatira, m'nyengo yotentha, dzuwa likuswa mtengo, anali atakhala pakhomo pa chigayo pamene botolo linamupulumuka m'manja. Anafuna kulitola, koma dzanja silinamvere. Anafuna kuitana wantchito, koma pakamwa panapotoka. Anamunyamula anthu anayi kukamuika m'galimoto.

Sanafe. Anabwerera kunyumba mbali yonse ya kumanja itafa, lilime litalemera moti mawu sankamveka. Koma makutu ake anali bwinobwino, ndipo nzeru zake zinali zonse.

Anthu anabwera kudzazonda. Ankakhala m'chipinda momwemo, ndipo popeza wodwalayo sankayankha, ankalankhula ngati palibe.

“Thupi lija linachita kunyanya,” anatero bambo wina amene ankakonda kumuuza kuti wachira. “Munthu sumadzilekerera choncho.”

Mkulu wa mpingo anapukusa mutu. “Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi ina anayamba bwino. Ankayenda m'mawa uliwonse, ine ndinkawaona. Kaya anasiyiranji.”

Mlongo wake anatembenukira kwa mkazi uja. “Alamu, inu mumadziwa kuti achimwene ali ndi vuto la magazi. Munkawalekerera bwanji akudya mafuta onse aja?”

Mwini chigayo anamva zonsezi. Mtima wake unatentha. Anafuna kuwakumbutsa mmodzimmodzi zimene ananena, tsiku limene ananena, ndi pamene anaima ponena. Anasonkhanitsa mphamvu zake zonse, nakweza mutu, natsegula pakamwa. Panatuluka kubuula chabe, ndi malovu amene anayenderera pachibwano.

Onse anamuyang'ana mwachifundo.

“Akufuna madzi,” anatero mlongo wake.

Panalibe ndi mmodzi yemwe m'chipindamo amene ankadziona kuti analakwa. Sankanama ayi. Anali ataiwaladi. Mawu amene anagwetsa munthu anali kwa iwo nkhani wamba za tsiku limenelo, zocheza podikira ufa.

Mwezi woyamba ozonda anali ambiri. Wachiwiri anachepa. Kenako aliyense anabwerera ku zake, ndipo pamsika panapezeka munthu wina wokambidwa. Zione ankabwera akapeza mpata, koma anali ndi khanda ndi banja lake kutali. Anatsala ndi mkazi wake yekha. Mayiyo ndiye ankamutembenuza kuti asachite zilonda, kumusambitsa, kumudyetsa phala ndi supuni, ndi kumukweza pampando msana wake ukulira. Sanamunene ngakhale tsiku limodzi. Mwamunayo akanakonda akanamukalipira, chifukwa kukhala chete kwa mayiyo kunkamulasa kuposa mawu onse a anthu aja. Anakhala choncho zaka zingapo, akudziwa tsiku lililonse kuti njira anaipeza, anaiyenda, anaona ubwino wake ndi thupi lake lomwe, ndipo anaisiya yekha pofuna kusangalatsa anthu amene sanabwere kudzamunyamula.

Inu amene mwamva zimenezi, ena mwa inu mwayamba kudzisamala. Mwachepetsa shuga, mukuyenda, malaya ayamba kukukulirani, ndipo anthu ayamba kale kunong'ona. Musayembekeze kuti adzakumvetsani. Mukaonda adzanena, mukanenepa adzanena, mukadzagwa adzanenanso, ndipo palibe mwa iwo amene adzagone pabedi lanu m'malo mwanu. Mverani amene anakuyezani, ndi amene adzakunyamuleni zikadzavuta.

Ndipo ena mwa inu ndinu onong'onawo. Musanafunse mnzanu kuti thupi likupita kuti, dziwani kuti funso limenelo inu mudzaliiwala musanafike kunyumba. Iye sadzaliiwala.