Chikhomo Chimene Chinabwerera M'manja

Panali munthu wina ku Amereka, masiku amene anthu ankakhamukira kumadzulo kukafuna malo. Mkazi wake anali atamwalira. Anatsala ndi ana atatu ndi mlongo wake wamasiye, amene ankamuthandiza kulera anawo. Munda analibe. Ankalima m'minda ya eni, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Tsiku lina kunamveka mbiri yoti boma likutsegula dziko lalikulu kumadzuloko. Eni ake enieni anali atachotsedwamo mokakamiza, ndipo imeneyo ndi nkhani yowawa yofuna tsiku lakelake. Koma kwa osauka ngati iyeyu, mbiriyo inali ngati mvula yoyamba. Lamulo linali lakuti munthu wamkulu aliyense atenge chikhomo chimodzi, alembepo dzina lake, akaime pamzere. Mfuti ikalira, thamanga. Pamene wakhoma chikhomo chako, ngati palibe wakutsogolera, mundawo ndi wako. Koma kukhoma ndi kamodzi kokha.

Munthu uja sanachedwe. Anagulitsa makasu, bedi, mpaka chitseko cha nyumba, nagula hatchi yaliwiro yoti aliyense akaiona ankapukusa mutu. Kobwerera kunalibenso. Mlongo wake anakweza ana m'ngolo yakale yokokedwa ndi abulu awiri aulesi, nayenso natenga kachikhomo kake.

"Kameneko n'kachiyani, chemwali?" anaseka munthu uja. "Abulu anuwa akafika mawa. Inu muzingotsata fumbi langa."

Tsiku lija pamzere panali anthu osawerengeka. Ena pa hatchi, ena pa ngolo, ena wapansi atapinda mathalauza. Dzuwa litafika paliwombo, mfuti inalira. Fumbi linati kobo! Nthaka inanjenjemera, zipewa zinauluka, ndipo munthu wathu uja anali patsogolo pa onse, akufuula ngati mwana. Ha, zinali zokoma! Dziko lonse linali lotseguka pamaso pake, lopanda mpanda ndi umodzi womwe.

Posakhalitsa anafika pachigwa china. Panali kamtsinje koyera, mitengo yomangira nyumba, ndi dothi lakuda bii. Anakweza chikhomo m'mwamba. Koma mtima unamunong'oneza kuti, "Ngati pafupi pompano pali chonchi, nanga kutsogolo?" Anamenya hatchi, napitirira. Enanso aliwiro amene ankamutsatira anaganiza chimodzimodzi, onse nadutsa.

Anafika pamalo ena pamene udzu unkalekeza m'chifuwa mwa hatchi. Ng'ombe zikananenepa pamenepo osazidyetsa kanthu. Iye anati mitengo yachepa. Pena anapeza kasupe patsinde pa phiri, koma anati mphepo ikuomba kwambiri. Munthuyu, ndikuuzeni, akanapeza chilema ngakhale pa dzira.

Kenaka dziko linayamba kusintha. Udzu unafupika. Dothi linasanduka lofiira, lodzaza miyala. Madzi osaoneka. Hatchi inayamba kutuluka thovu kukamwa, mpaka inaima, osafunanso kumva mkwapulo.

Apa ndiye mantha anamugwira. Anatembenuka kuti akakhome pa kasupe paja. Anapeza chikhomo cha wina, kansalu kofiira kakupepeza. Anathamangira pa udzu wautali paja. Panali nkhalamba itakhala pa bokosi, mfuti ili pamiyendo.

"Pitirirani, bambo," inatero nkhalambayo. "Pano pali mwini."

Kulikonse kumene analoza, zikhomo zinali zitamera ngati bowa. Anatsika, nayamba kuyenda wapansi akukoka hatchi. Ankaganiza za ana ake atatu, za chisanu cha dziko limenelo chimene chimapha munthu wopanda denga, ndi za chitseko chija anagulitsa. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

Dzuwa litapendeka anafika pachigwa choyamba chija. Anaona utsi, ngolo yakale, ndi abulu awiri akudya udzu mosatekeseka. Ana ake anamuthamangira akukuwa, "Ababa! Ababa! Mumtsinjemu muli nsomba!"

"Chemwali, pakirani katundu msanga," anatero iye. "Eni ake asatipeze pano."

Mlongoyo anangoloza. Pafupi ndi mtsinje panali kachikhomo kaja, katamangidwa duku lake.

"Ndinatsika, achimwene," anatero. "Ndinafumbata dothi, ndinalawa madzi. Ndikuti ndidzuke, ndinaona wina akutsetsereka phirilo pa hatchi. Hamala munatenga ndinu, ndiye ndakhomera poto. Onani mmene wapindikira! Nanga inu, munda wanu uli kuti?"

Munthu uja anatulutsa chikhomo chake. Chinali choyera, chosongoka, chopanda dothi ndi pang'ono pomwe. Dzina lake linkawerengeka bwinobwino.

Mlongoyo anachiyang'ana kanthawi. Kenaka anati, "Bweretsani. Hatchi yanuyi ikusowa pomangirira."

Ndipo chikhomo chija, chimene chikanagwira munda wabwino koposa m'dziko lonselo, chinagwira chingwe cha hatchi. Munthu uja analima pachigwapo moyo wake wonse. Ana anakula, nkhokwe zinadzaza. Koma alendo akamufunsa kuti munda wokongolawu ndi wa yani, ankavula chipewa n'kuloza mlongo wake.

Tsono iwe amene ukundimvera, usaseke msanga. Ndakuona. Uli ndi liwiro, uli ndi nzeru, ndipo mfuti yako inalira kalekale. Ntchito ija unati ndi yaing'ono. Munthu uja anakukonda unati udikire kaye wina. Kamunda kaja unati kali pafupi kwambiri ndi kwanu. Kuthamanga n'kokoma, sindikukana, ngakhale ine magazi amawira ndikamaikamba nkhaniyi. Koma tsika, fumbata dothi, lawa madzi. Ngati ali abwino, khoma lero. Kumbuyo kwako kukubwera wina ndi abulu awiri ndi poto, ndipo iyeyo sasankhasankha.