Madzi a Alendo kwa Chilombo cha Mitu Isanu ndi Iwiri

Kalekale pa mudzi wa Kamtsitsi panali chitsime cha onse, ndipo lamulo lake linali limodzi: potunga, tungira chidebe cha pachitsimepo basi. Koma Mwandilanga, pothamangira mowa wa ukwati wake, anaponyamo ndowa yomwera ng'ombe, ndowe zili mbuu. Dzuwa lili paliwombo, chitsime chinamuitana dzina, n'kumumeza.

Madzi anakhalabe oyera, ndiye choopsacho. Aliyense womwa ankatupa mimba, m'katimo mukumveka tinthu tikuimba. Amuna anatsikamo ndi nkhwangwa, napezamo chilombo, koma anabwerako osachipha. Mutu wa chilombocho akaudula, unkasweka kukhala timitu tosaoneka ndi maso, wina n'kumera pomwepo.

Ndaziona, mng'ono wa Mwandilanga, yemwe ankangomukumbuka pofuna womutuma, anatsika yekha. Pakhoma anapeza nkhanu yokalamba.

"Ndiyankhe, mwanawe," inatero nkhanuyo. "Ndi chiyani chimene madzi amachipha, koma chikabisala kunsi kwa mphika chimawavinitsa?"

"Moto, agogo."

Nkhanuyo inasanduka mphika, m'katimo muli khala lamoto.

Pansi panali bwalo louma, lozizira, la zii. Chilombo cha mitu isanu ndi iwiri chinamuyalira mphasa mwaulemu, n'kumupatsa chikho.

"Imwani, alendo athu. Mlendo sakana madzi."

Mantha anamugwira Ndaziona, pakuti m'chikhomo munkamveka kuimba kuja.

"Zikomo, achimwene. Koma kwathu timamwa otentha."

Anakoleza moto, nawawiritsa mpaka kubwadamuka. Kuimba kunaleka, mutu umodzi n'kugwa phuu! Chilombo chinakukuta mano, koma mwininyumba samana mlendo madzi.

"Ludzu likadalipo," anatero Ndaziona.

Chikho ndi chikho, mitu inagwa mpaka kukwana isanu ndi umodzi. Ndiye chikho chomaliza chinalankhula ndi mawu a Mwandilanga.

"Ndaziona, mng'ono wanga, ndili muno! Usandiotche!"

Mtima unamupweteka kwambiri. Koma mkulu wakeyo chibadwire sanamutchulepo dzina, ankangoti "iwe". Akulira, Ndaziona anasonkhezera moto. Mutu womaliza unaphulika, ndipo m'nthunzi munatuluka Mwandilanga, woonda ngati bango.

"Iwe, wachedwa bwanji!" anatero.

Ndaziona anaseka misozi ikutsika, namubereka kumbuyo.

Kumudzi mimba zinaphwa. Anthu anamangira chitsime mpanda ndi chivundikiro, khola analisamutsira kutali, ndipo madzi akumwa ankayamba awira. Pa ukwati paja, mkwatibwi anagwada pamaso pa khamu lonse, chikho choyamba n'kupereka kwa mng'ono wake ndi manja awiri.