Dzanja lamanzere

M'chipinda cha aphunzitsi munali mpando umodzi wakhushoni, ndipo mwini wake ankadziwika: mayi amene anzawo ankawatcha a Nkhalakale. Anali atagwira choko zaka makumi awiri. Udindo wa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu unali wopanda munthu, ndipo iwo ankauwerengera ngati wawo kale.

Chinawasowetsa mtendere ndi njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga. Buku lake linkawazunguza mutu, koma akanauza ndani? Ndiye kunabwera mlangizi, mtsikana wadzulodzuloli, woti azikhala kumbuyo kwa kalasi, kenako n'kukambirana ndi mphunzitsi pomwe pavuta.

"Sindinabwere kudzatola zifukwa, amayi," anatero mlangiziyo. "Mungondionetsa pomwe pakukuvutani, tithandizane."

"Ndinayamba ntchito iwe usanamere mano," anayankha chamumtima, pakamwa akumwetulira.

Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anaulula umbuli wake wonse, ana ake n'kumakakamira pa mawu mlendo akuona. A Nkhalakale anamuseka. Iwo anatseka chitseko n'kupangana ndi ana awo: "Mlendo akabwera, ndikafunsa funso nonse mukweze manja. Wodziwa, lamanja. Wosadziwa, lamanzere."

Nzeru ija inagwiradi ntchito. Funso lililonse manja ali m'mwamba kalasi yonse, iwo n'kumaloza okweza lamanja okha, aliyense wolozedwa n'kukhoza. Mlangizi anawayamikira, n'kumathera masiku ake kwa mnzawo uja. Koma manja amanzere ankachuluka sabata ndi sabata. A Nkhalakale ankawaona, mtima n'kumawawa, komabe manyazi anawamanga pakamwa.

Pakutha pa teremu, mlangizi anabweretsa akuluakulu a masukulu ena kudzaonera kalasi yachitsanzo. Osankha wachiwiri uja analinso pomwepo, makope ali pamaondo. A Nkhalakale analemba chiganizo pabolodi, manja onse m'mwamba.

"Mundilole lero ndisankhe ndine," anatero mlangizi mwansangala, n'kuloza kamtsikana kapakona. "Tawerenga, mwanawe."

Kamtsikana kanaimirira, maso ali kwa aphunzitsi ake. "Ine ndakweza lamanzere, madamu."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti sindikudziwa. Lamanja ndi la odziwa."

Mlangizi anapempha ana kuti asatsitse manja, n'kuyamba kuwerenga. Mwa ana makumi asanu ndi limodzi, okweza lamanja anali asanu ndi anayi okha.

Mlangizi sanawakalipire a Nkhalakale, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Alendo atatuluka anangoti, "Miyezi itatu yonseyi ndinali kuseri kwa khomali, amayi. Mukanangogogoda."

Udindo unapita kwa mnzawo ankamuseka uja. A Nkhalakale anatsala ndi mpando wawo wakhushoni, ndi ana makumi asanu ndi mmodzi osatha kuwerenga, amene teremu yawo palibe akanawabwezera. Uchi unawapeza pakhomo, iwo n'kusankha kutamandidwa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.