Khobidi la m'Chitini cha Mabatani

A Mak anagwira ntchito imodzi moyo wawo wonse: kupukuta mkuwa m'sitima zowolotsa anthu padoko la Hong Kong. Mabelu ndi zogwirira zitseko zinkawala mpaka munthu kudzionera nkhope. Atapuma ntchito, botolo la mankhwala opukutira linakhalabe pawindo la kachipinda kawo ku Sham Shui Po, pambali pa chithunzi cha malemu akazi awo, a Lai-ha.

Mtembo wa a Lai-ha unawotchedwa monga mwa mwambo wa kumeneko, koma phulusa lawo linalibe pokhala. Linali m'kathumba kofiira pashelefu, kuseri kwa shopu ya okonza maliro, pakati pa matumba a anthu osawadziwa. Kachisi wina wa kuphiri ankagulitsa timapanga ta m'khoma tosungiramo phulusa, koma ndalama zimene a Mak anasunga zinkaperewera. Komabe analumbira pamaso pa chithunzi chija kuti nyengo yosesa manda ikamafika, akazi awo adzakhala ali pakhomo pawopawo.

Tsiku lina akufuna batani m'chitini cha malemu, anapeza khobidi lakuda bii. Anapita nalo kwa mayi Szeto, mnzawo wakale wa a Lai-ha, amene ankagulitsa ndalama zakale m'kashopu ka pansi pa masitepe.

"Mwatola chiyani, alamu, chotsekera botolo?" anaseka mayiwo. Koma ataika galasi kudiso, kuseka kunazima. Analiika pasikelo, kenako analitembenuza atagwira m'mphepete mokha.

"Kulemera kwake n'koyenera. Mutu wa mfumukazi ya Angerezi waperepeseka, tsitsi silikuonekanso, ndiye pagiredi lili m'munsi. Koma taonani nambala yomaliza ya chakayi. Yatsala ngati chipsera, koma ikuwerengeka, ndipo a chaka chimenechi savumbuluka wamba. Chaka Chatsopano chikadutsa tilitumize kwa akatswiri akalitsimikize. Mukaligulitsa n'kuphatikiza ndi ndalama zanu zija, Lai-ha alowa m'nyumba."

"Lada," anatero a Mak.

"Kudako ndiye mtengo wake. Limenelo ndi khungu la zaka zoposa zana. Musalitsuke, musalipukute, ngakhale ndi malaya anuwo. Kaya ingolisiyani kuno."

"Mkuwa ndimaudziwa."

"Mumadziwa mabelu, madala inu. Ili si belu."

A Mak analikulunga m'kansalu n'kutuluka osatsanzika. M'njira mtima unkawauza kuti wamalonda amakonda katundu wakuda kuti agule motchipa. Iwo anali asanaonepo mkuwa umene unatsika mtengo chifukwa chowala.

Kutatsala pang'ono Chaka Chatsopano, linafika tsiku limene nyumba iliyonse imachotsa litsiro, kuti tsoka la chaka chakale lisawoloke nawo. A Mak anatsuka mawindo, mapoto, ndi guwa la makolo. Chilichonse chinayera kupatula khobidi lija, limene linali pansi pa chithunzi ngati diso lowadzudzula. A Lai-ha sankalola ngakhale supuni kulowa m'chaka chatsopano ili yakuda. Kodi nyumba yawo igulidwe ndi chinthu chauve? A Mak anatsegula botolo. Anadontheza mankhwala pansanza n'kuyamba kuzunguliza chala monga ankachitira pa belu. Nsanza inada, khobidi linafiira, kenako linang'anima ngati latuluka kumene m'ng'anjo. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire akazi awo, anamwetulira.

Chaka Chatsopano chitadutsa, mashopu atatsegulidwanso, anakaliika patebulo la mayi Szeto n'kudikira kuyamikiridwa.

Mayiwo sanalikhudze. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaika galasi kudiso, n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Mayo ine, alamu! Mwalisenda lamoyo."

"Layera."

"Layeradi. Nanga nambala ija ili kuti? Tengani galasi muone nokha."

A Mak anaona. Pomwe panali chipsera chija panali posalala ngati chipumi cha khanda.

"Chaka chake inu munachiona," anatero a Mak motsitsa mawu. "Muwauze akatswiriwo."

"Akatswiri sagula zimene anaona Szeto, amagula zimene akuona iwo. Panopa ndi khobidi ngati awo." Analoza mbale ya pakhomo, momwe ana asukulu ankasankhamo ndalama zakale pamtengo wa kapu ya tiyi.

"Silingadenso?"

"Lidzada, ife tonse tili phulusa. Koma nambala siphuka."

Nyengo yosesa manda itafika, anthu anakwera mapiri ndi maluwa, malalanje ndi nkhumba yootcha. A Mak anapita kushopu ya okonza maliro n'kuima pamzere. Wantchito anatulutsa kathumba kofiira n'kukaika pakatebulo m'mphepete mwa msewu, mabasi akudutsa. A Mak anayatsa zofukiza, anawerama katatu. Asanamalize kulankhula ndi akazi awo, wantchito anawakodola.

"Pepani amalume, ena akudikira tebuloli."

Kathumba kanabwerera kushelefu. A Mak anatsala chiimire, dzanja lili m'thumba, atafumbata khobidi lowala kuposa onse mumzindawo. Akale sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.