Mbande 1,009 za Bwana Zamadunga

Bwana Zamadunga, eni esiteti, ankafuna kuchotsa ntchito Lifeyo wa kumunda kuti m'nyumba yake mulowe mlamu wawo. Anamupatsa mbande za mango 1,009.

"Ubzale m'mizere ingapo yofanana. Ikatsala imodzi kapena ukataya, ulongedze katundu."

Bwanawo anali atamva kwa mphunzitsi wina kuti nambala imeneyi sigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Anachoka akudzitukumula ngati masamuwo ndi awo.

Lolemba anabwera ndi mlamu uja, yemwe anali atasenza matiresi pamutu. Anapeza mizere 28, uliwonse mitengo 36.

"Imeneyi ndi 1,008. Inayo wataya kuti?"

"Sindinataye, bwana, ndaimezanitsa pa inzake. Si inu munkadzitama pamsonkhano kuti iwiri ikamezanitsidwa umakhala mtengo umodzi?"

"Uli pati mtengowo?"

"Momwemu. Odziwa masamu ngati inu simungausowe."

Bwanawo, amene sanagwirepo khasu chibadwire, analowa m'matope ndi nsapato za ku ofesi, n'kumawerama pa mtengo uliwonse. Pamene ankayamba mzere wachitatu, mlamu uja anali ali pamsewu, akuimitsa kabaza.